Palibe, Yesaninso

Kalondolondo, makina atsopano ofufuza anthu osowa, anangotenga masekondi atatu. Bambo wina wa ku Luchenza anali atabwera ndi chithunzi chakale chimene madzi anadya theka lake, moti pankangooneka khutu limodzi, diso, ndi kansalu kabuluu. Anachiika pa galasi la patebulo, galasilo linawala, ndipo mawu ofatsa anatuluka pakhoma.

“Awa ndi achemwali anu a Rozina. Ali moyo. Amakhala ku Ekwendeni, ndipo ali ndi zidzukulu zinayi. Ndiwaimbire?”

Bamboyo anakhala pansi, osati pampando ayi, pasimenti penipeni, n’kuyamba kulira ngati mwana. Anali atafunafuna mlongo wakeyo kwa zaka 32.

Sigele Namakhwa, amene ankatsogolera ntchito yoika makina atsopanowa, anayenera kusangalala. Koma sanasangalale. Linali Lolemba, ndipo iye ankaopa Lachitatu.

Pulogalamu ya Ndani Waona inabadwa m’chaka cha 2041, napolo atatsika m’phiri la Mulanje n’kusesa midzi mpaka kukathira mu Ruo. Anaipanga anthu ongodzipereka, kuti aliyense athe kufufuza m’bale wake m’mabuku a anthu opezeka ndi a omwalira. Inali pulogalamu yosabisa kanthu. Malemba onse oiyendetsa, amene eni ntchito amati khodi, anali poyera, ndipo aliyense wodziwa ankatha kuwerenga ndi kukonza. Lamulo linali limodzi lokha: chilichonse chimene wasintha, mnzako achiwerenge ndi kuvomereza chisanayambe kugwira ntchito. Ichi n’chiyani n’kulinga muli awiri.

Gawo lofufuza la pulogalamuyo ankalitcha Sefa. Sefa anali atakalamba, ndipo tisanamizane, ngakhale paunyamata wake sanali wanzeru. Ankangoyerekeza dzina ndi dzina. Unkatha kumufunsa, kukatereka madzi a tiyi, kubwera n’kupeza akusefabe. Akalephera, ankayankha mawu awiri omwewo: “Palibe. Yesaninso.” Ankakhala m’kompyuta yakuda yokhala pakona ya ofesi yawo ku Limbe, pamwamba pa shopu ya malata. Zipangizo zake zinasiya kupangidwa kalekale, ndipo mwezi umenewo wokha kompyutayo inali itazima kanayi.

Kalondolondo anali wina. Iye sankayang’ana dzina lokha. Ankawerenga nkhope, mawu a munthu, mabuku a zipatala, mabuku a manda, ngakhale mapu osonyeza mmene madzi anayendera tsiku lija, n’kulumikiza zonsezo. Omupanga ankanyadira kuti sabwera chimanjamanja. Kwa milungu isanu anali akumuyesa kuchigwa cha Shire, ndipo madandaulo kunalibe. Lachiwiri masana anayenera kulowa m’malo mwa Sefa m’dziko lonse.

Nanga Lachitatu linali ndi chiyani?

Tsiku la napolo Sigele anali ndi zaka eyiti. Anathawa atabereka mlongo wake Feston, wa zaka zitatu. Madzi atamugwetsa anagwira nthambi ya mtengo wa mapeyala ndi manja onse awiri, ndipo atadzuka kumsana kunali kopepuka. Kuyambira pamenepo amayi ake, a Elube, Lachitatu lililonse m’mawa ankasamba, kuvala chitenje choyera, kukhala pakhonde ndi foni, n’kufunsa Sefa za mwana wawo. Sefa ankati, “Palibe. Yesaninso.” Iwo ankati, “Chabwino,” n’kupita kumunda. Mawu awiriwo ndi amene anawasunga.

Amalume ake a Sigele, a Wyson, eni mbumba, zimenezi sizinkawasangalatsa. Kwawoko munthu akatengedwa ndi madzi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m’nsalu, n’kuliika m’manda m’malo mwake, kuti mzimu ugone ndipo otsala apume. A Wyson anapempha zimenezi kwa zaka zambiri. Potsiriza anagwirizana ndi mlongo wawoyo pamaso pa abale: tsiku limene makina adzaleke kunena kuti yesaninso, nthochi idzadulidwa.

Bambo wa ku Luchenza atachoka, Sigele anatseka chitseko. Milungu isanu yonseyo anali akuzemba funso limodzi. Anaima patsogolo pa khoma.

“Kalondolondo, Feston Namakhwa. Wa zaka zitatu. Anatengedwa ndi napolo ku Mulanje.”

Masekondi atatu.

“Pepani. Feston anamwalira. Mwana wamwamuna wa msinkhu umenewo anapezeka kumunsi kwa Ruo patapita masiku awiri, ndipo anaikidwa m’manda a anthu osadziwika. Mandawo tsopano ali pansi pa damu. Ndikutsimikiza 91 pa 100.”

“Nanga naini yotsalayo?”

“Ndilibe chilichonse chotsutsa yankho langa.”

Sigele anakhala pampando. Sanali kulira Feston. Iyeyo anamulira kale ali mwana. Ankaona amayi ake pakhonde, atavala chitenje choyera, akumva mawu ofatsa aja. Mtima wa mayiwo unali wodwala kale. Ndipo amene adzakhale atawapatsira mawuwo ndi mwana yemwe uja anataya Feston kumsana.

Lachiwiri anafika m’mamawa ndi nzeru yake. Analemba timizere tinayi ta khodi: foni ya a Elube ikafunsa, Kalondolondo asaganize kanthu, angoyankha kuti palibe, yesaninso. Anatumiza kuti wina avomereze, akupemphera kuti wovomerezayo akhale waulesi.

Tsoka lake, amene anatsegula anali a Likoswe. Awa ndi amene analemba Sefa ndi manja awo, ndipo pa anthu onse oyambitsa pulogalamuyo anatsala okha. Anali ndi zaka 74, ndipo maso awo anali atangokonzedwa kumene kuchipatala, moti ankaona zinthu zimene sanafunsidwe kuona. Analowa mu ofesi akuguguda ndodo.

“Iwe Sigele, nambala ili apayi ndi ya ndani?”

“Ya amayi.”

“Ndiye ukufuna makina azinamiza mayi ako, ine ndisayinire?”

“Bambo, amayi afa. Mukuwadziwa. Akangomva zimenezi safika Khirisimasi.”

“Ndikuwadziwa. Koma khodi iyi amawerenga anthu mpaka ku Karonga. Mawa wina alemba timizere take ta azakhali ake, mkuja wina ta apongozi. Pakutha pa chaka ndani adzakhulupirire chimene chikutuluka pakhomapa?” Anakhala pansi akupuma mwamphamvu. “Sindivomereza. Ukwiye, koma sindivomereza.”

Sigele anakwiyadi. Anawauza kuti n’kosavuta kukhala wolungama pa maliro a eni. A Likoswe anangomusiya alankhule mpaka mawu atamuthera, kenako anafunsa mwakachetechete.

“Wati alibe chotsutsa. Kodi dzala munampatsa?”

“Dzala liti?”

“Dzala la Sefa.”

Sigele analikumbukira. Pokonzekera kusamuka anapeza fayilo yaikulu koopsa yotchedwa dzala, ya mizere mamiliyoni 44. Munali mafunso onse amene Sefa analephera kuyankha kuyambira 2041, mawu a wofunsa, tsiku, ndi foni imene anaimbira. Panalibe gawo lililonse la pulogalamu limene linkawerenga fayiloyo. Iye analembapo kuti zinyalala, musasamutse. A Likoswe anali m’chipatala sabata imeneyo, ndipo mnzawo wa ku Lilongwe anavomereza asanathe n’komwe kumwa tiyi wake.

“Palibe chimene chimawerenga fayilo imeneyo,” anatero Sigele. “Ndinafufuza khodi yonse.”

“M’khodi simungapezeke. Tinkawerenga ndife, ndi maso.” A Likoswe anagwira mutu. “Lachisanu lililonse tinkasindikiza mafunso a sabata yonse, kukhala pamphasa pomwe pali tebulo lagalasipa, n’kumawerenga mokweza. Tinkati tikusanthula dzala. Mwana wanga, mabuku athu ndi a opezeka ndi a akufa. Amene anapulumuka n’kubwerera kwawo sitinawalembe. Tinkati iwowo sanasowe. Tsono mwana wotayika akakula n’kuyamba kufuna kwawo, Sefa amupezera ndani? Palibe. Koma funso lakelo limagwera m’dzala, momwe mukugweranso funso la mayi ake. Ife tinkangotola awiriwo n’kuwakumanitsa. Mabanja 214 tinawapeza choncho.”

“Nanga bwanji sizinalembedwe paliponse?”

“Tikanalemberanji? Aliyense ankadziwa.” Anayang’ana pansi. “Kenako ena anamwalira, ena anapita ku Joni, ena anatopa. Tinaleka mu 2055. Tinkati tiyambiranso mwezi wamawa.”

Sigele anayang’ana wotchi. Inali naini koloko. Thu koloko Kalondolondo ankalowa m’dziko lonse, ndipo zimenezo sakanaziimitsa yekha. Maofesi a maboma onse anali atauzidwa kale, ndipo mafoni anali atakonzedwa kuti atembenuke okha. Anathamangira pakona paja n’kulumikiza chingwe. Kompyuta yakuda inalemba kuti kukopera dzala kutenga maola anayi.

Patatha ola limodzi inayamba kununkha ngati waya wopsa. Kafani kake ka m’kati kanalira kawiri n’kuima.

“Ikazima pano siyakanso,” anatero Sigele.

A Likoswe anatsika pang’onopang’ono kushopu ya malata, n’kubwera ndi zidutswa ziwiri za katoni. M’chaka chimene ndege zopanda woyendetsa zinkapereka mankhwala pakhomo lililonse ndipo makabaza ankadziyendetsa okha mu Limbe, akatswiri awiri a makompyuta anagwada pasimenti n’kumakupiza makina ngati akukoleza mbaula. Palibe anaseka. Thukuta linkatsikira m’maso mwa Sigele, koma sanayerekeze kusiya katoni kuti apukute.

Kukopera kuli pa 60 pa 100, foni yake inalira. Anali amalume.

“Sigele, tamva pa wailesi kuti makina atsopano ayamba lero. Akuti sabweza munthu chimanjamanja. N’zoona?”

“N’zoona, amalume, koma…”

“Basi. Ine nthochi ndaiona kale, ya kuseri kwa khola ija. Mawa ndikhala pakhonde limodzi ndi mayi ako. Zaka 32 zakwana, mwana wa mlongo wanga agone.”

Anadula foni. Sigele anakupiza mwamphamvu kuposa kale.

Dzala linatha kukopedwa itangodutsa wani koloko. Patapita mphindi zochepa kompyuta yakuda inazima yokha, osatsanzika. A Likoswe anaisisita pamwamba. Sigele anapereka fayiloyo kwa Kalondolondo, n’kufunsanso funso ladzulo lija.

Ulendo uno anatenga masekondi khumi ndi awiri. Kwa Sigele anali ngati chaka.

“Ndasintha yankho langa,” anatero mawu ofatsa aja. “Pali mafunso awiri amene akuyankhana. Loyamba lafunsidwa Lachitatu lililonse kwa zaka 32, kuchokera ku Mulanje. Likuti: ‘Feston, mwana wanga, wa zaka zitatu. Anali kumsana kwa Sigele, koma Sigele sanalakwe.’”

Sigele anatseka pakamwa ndi dzanja. Sanadziwe kuti amayi ake amanena zimenezo. Kwa iye sananenepo n’kamodzi komwe.

“Lachiwiri lafunsidwa maulendo 781, Lamlungu lililonse kuyambira 2058, kuchokera ku Bangula. Ndi mawu a mwamuna wotchedwa Mose Semba. Likuti: ‘Sigele, achemwali anga. Ankandibereka. Dzina lina sindikumbuka.’ Mawu ake ndi a mayi wa ku Mulanje ndi a magazi amodzi. Ndikutsimikiza 99 pa 100.”

“Ali moyo!” anafuula a Likoswe, ndodo ikugwa. “Iwe, ali moyo!”

Koma Sigele anali atamva china. “Wati maulendo 781. Lomaliza linali liti?”

“Milungu isanu yapitayo.”

“Analekeranji?”

“Mafoni a ku Bangula anaperekedwa kwa ine. Anandifunsa kamodzi, ndipo ndinamuyankha.”

Sigele anayandikira khoma lija.

“Unamuyankha chiyani?”

“Kuti Sigele anamwalira. M’buku la manda aja muli mtsikana wa zaka eyiti kapena naini, amene anapezeka ndi chitenje chomanga kumsana, chopanda mwana. Ndinatsimikiza 88 pa 100. Ndinalibe chotsutsa.”

Sigele anaimba nambala ya ku Bangula ija. Inaitana kasanu. Anayankha mwamuna wa mawu okhuthala, kumbuyo kukumveka mbuzi.

“Ndikulankhula ndi a Mose Semba? Ndikuimba kuchokera ku Ndani Waona, za a Sigele amene munkafunsa.”

“Oo, takhuta, zikomo mayi, koma nkhaniyo inatha. A Sigele tinaika pa 14 mwezi wathawu.”

“Munaika chiyani?”

“Nthochi, nanga mafupa ali pansi pa damu. Manda ndinakumba ndekha. Makolo amene ananditola pamadzi anamwalira, ndiye m’bale wanga weniweni anali yekhayo. Ndinati ngakhale sindikumbuka nkhope yake, ndimuike mwaulemu.”

“Achimwene,” anatero Sigele, “ndine Sigele.”

Mbuzi zokha ndi zimene zinayankha.

“Mayi, ndakulakwirani chiyani? Musasewere nane chonde. Ndameta kale.”

“Muli ndi chipsera cha moto pachidendene chakumanzere. Munaponda khala ine ndikukazinga chimanga, ndipo ndinabisa kwa amayi masiku awiri. Dzina lanu ndinu Feston. Amayi ali moyo, ndipo akhala akukufunsani Lachitatu lililonse.”

Anamva foni ikugwa pansi, kenako kulira kwa munthu wamkulu, kosachita manyazi. Iyenso analira. Koma chimwemwecho sichinakhalitse chokha, chifukwa a Likoswe anali ataima patsogolo pa khoma, nkhope itagwa.

“Kalondolondo,” anatero mkuluyo, “kuchigwa kuja, ndi anthu angati amene ankafunsa sabata ndi sabata, ndiye aleka chifukwa unawauza kuti m’bale wawo anamwalira?”

“612.”

“Mwa amenewo, unalakwitsa angati?”

“Amene dzala likunditsutsa ndi 37. Enawo ndilibe chotsutsa.”

“Dzulo unalibenso chotsutsa,” anatero Sigele.

Inali itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thu koloko. Anafufuta timizere take tinayi tija n’kulemba tina: ngati palibe umboni wogwirika, monga magazi, chala, kapena mboni yoona ndi maso, Kalondolondo asatchule imfa. Anene kuti palibe, yesaninso, ndipo funsolo alisunge. A Likoswe anawerenga liwu ndi liwu, pang’onopang’ono mpaka Sigele anafuna kuwalanda magalasi, kenako anavomereza.

Lachitatu a Elube sanafunse foni. Sigele anafika yekha m’mawa, n’kuwapeza atavala kale chitenje choyera, a Wyson ali pambali ndi chikwanje chonola. Anagwada n’kuwauza. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, n’kufunsa funso limodzi lokha: “Akudya bwino?”

Loweruka anatsikira ku Bangula onse atatu. Feston anali wamtali, wometa mpala, ndipo ankayenda ngati amalume ake. Za kukumbatirana ndi misozi sindinena zambiri. Amene anatayapo munthu akudziwa. Koma akuluakulu a pamudzipo anati Sigele sangalowe m’nyumba kapena kulawa madzi asanafukulidwe. Munthu sangakhale pamphasa ndi m’manda nthawi imodzi.

Anapita kumanda dzuwa lili pamutu. Panali mtumbira watsopano ndi mtanda wathabwa, wolembedwa ndi penti yoyera: SIGELE. Pansi pake Feston anali atawonjezera kuti, Anandibereka. A Wyson, amene kwa zaka zambiri ankalakalaka kukwirira nthochi, anavula jekete, kulavulira m’manja, n’kuyamba kufukula.

Sigele sanathe kuyang’ana dzina lakelo nthawi yaitali. Anatembenuka, ndipo m’pamene anaona mzere wonsewo. Mitumbira ina isanu ndi umodzi, dothi lake lofiira mofanana, nkhata za maluwa zisanafote n’komwe.

“Achimwene, kunagwa mliri kuno?”

“Ayi, achemwali. Zonsezo ndi nthochi, kupatula mtumbira umodzi.” Feston analoza umodziumodzi. “Awo ndi amuna awo a mayi a pachigayo. Awo ndi ana awiri a abusa. Uwo wakumapetowo ndi wa mwana wa agogo ena a kuseri kwa msika. Agogowo atangomva yankho anasiya kudya, ndipo tinawaika sabata yatha, pafupi ndi nthochi yawo.” Anapukuta thukuta, n’kuwonjeza mopanda chinyengo chilichonse, “Anthu kuno ankayamika kwambiri makina anu. Ankati tsopano tapuma.”

Sigele anatulutsa foni n’kutsegula mndandanda wa anthu 37 aja. Sanafune kufunsa, koma anafunsa dzina la agogowo. Feston analitchula. Linali lachinayi pamndandandawo, ndipo mwana wawo anali moyo ku Nchalo, akufunsa Lachisanu lililonse.

Kumbuyo kwake khasu la amalume linagunda chinthu chofewa, ndipo amayi anayambitsa nyimbo. Sigele anaimabe chomwecho, foni ili m’manja. Kalondolondo ankayankha m’masekondi atatu, koma mayankho akewo anafunika kuwafukula ndi khasu, manda amodziamodzi, ndipo ena khasu linafika mochedwa.